Hannah Marshman—Mayi wa Banja Lalikulu la ku Serampore

AMENE anaŵerengapo mbiri ya kutembenuzidwa kwa Baibulo m'zinenero za ku India amadziŵa maina atatu: William Carey, Joshua Marshman, ndi William Ward. Amuna ameneŵa, amishonale a tchalitchi cha Baptist ochokera ku England, anagwirira ntchito pamodzi m'tauni ya Serampore kuyambira mu 1800, ndipo makina awo anasindikiza Malemba m'zinenero zambiri za ku Asia. Komabe, ntchito yotero imafuna mapepala, inki, nyumba, ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku cha anthu ochuluka. Kodi ndalama zake zinachokera kuti? Ndipo kodi ndani anasamalira odwala, akazi amasiye, ndi ana pamene amunawo anali kalikiliki ndi mabuku awo?

Mayankho a mafunso aŵiriwo amatifikitsa kwa mkazi wa Joshua, Hannah Marshman. Iye anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 80, ndipo 47 za zaka zimenezo anazithera ku India. Anabala ana 12, analera ana a anthu ena ambiri, ndipo anaona adzukulu ake akukula. Mbiri yake imasonyeza mmene chikhulupiriro chimaonekera m'ntchito zimene kaŵirikaŵiri palibe amene amazilemba m'mabuku.

Mwana Wamasiye m'Nyumba ya Mbusa

Hannah Shepherd anabadwa pa May 13, 1767, mumzinda wa Bristol, kumadzulo kwa England. Amake anamwalira iye ali ndi zaka 8, ndipo atate wake nawonso anamwalira iye asanakule. Motero mtsikanayo analeredwa ndi agogo ake aamuna, John Clark, amene anali mbusa wa mpingo wa Baptist m'mudzi wa Crockerton, m'chigawo cha Wiltshire.

M'masiku amenewo, kukhala wa Baptist mu England kunali ndi mtengo wake. Awo amene sanali a Tchalitchi cha England anatsekerezedwa ndi lamulo kulandira maudindo a boma, ndipo sakanatha kulandira madigiri pamayunivesite a Oxford ndi Cambridge. Mipingo yawo yambiri inali yaing'ono, ya alimi ndi owomba nsalu, imene inadzilipirira yokha zofunika zake zonse. M'malo oterowo ndimo mmene Hannah anaphunzirira Malemba, ndiponso kusunga bwino ndalama zochepa.

Mu 1791 anakwatiwa ndi Joshua Marshman, wowomba nsalu wa ku Westbury Leigh, mudzi wa m'chigawo chimodzimodzicho. Joshua sanapite patali ndi sukulu, koma anali kuŵerenga buku lililonse limene akanatha kubwereka. Mu 1794 banjalo linasamukira ku Bristol, kumene Joshua anakhala mphunzitsi pasukulu yochirikizidwa ndi mpingo wa Baptist wa Broadmead, ndipo aŵiriwo anagwirizana ndi mpingowo. M'chaka chimenecho Hannah anabala mwana wamwamuna, ndipo anamutcha John Clark, dzina la agogo amene anamlera.

Ulendo wa Miyezi Inayi ndi Theka

Zaka ziŵiri banjalo lisanasamukire ku Bristol, mu October 1792, abusa angapo a Baptist anali atakumana m'tauni ya Kettering ndi kupanga sosaite yotumiza amishonale kumaiko akutali. Chaka chotsatira, William Carey, yemwe kale anali wosoka nsapato, anapita ku Bengal, chigawo cha kum'maŵa kwa India. Malipoti ake anali kuŵerengedwa m'mipingo, ndipo anasonkhezera Joshua kudzipereka kukamthandiza.

Kwa mayi wa ana aang'ono aŵiri, chosankhacho chinali chachikulu kwambiri. Ulendo wa panyanja unali wozungulira kummwera kwa Afirika, panthaŵi imene Britain anali pankhondo ndi France. Kalata yochokera ku India inali kutenga miyezi yambiri kuti ifike kwawo. Ndiponso Azungu ambiri opita ku Bengal anali kufa ndi malungo, kamwazi, ndi nthenda zina m'zaka zoŵerengeka zokha. Ngakhale zinali choncho, kumapeto kwa May 1799, Hannah, mwamuna wake, ndi ana awo anakwera chombo chotchedwa Criterion limodzi ndi William Ward ndi mabanja ena aŵiri, la Grant ndi la Brunsdon.

Panalinso vuto lina. Kampani ya East India, imene inali kulamulira Bengal, sinafune amishonale m'gawo lake, powopa kuti kulalikira kukadzetsa chipwirikiti ndi kuwononga malonda. Chotero, mmalo motsikira ku Calcutta, mzinda umene tsopano umatchedwa Kolkata, apaulendowo anakwera ndi mtsinje wa Hooghly makilomita oposa 20 kufikira ku Serampore, katauni kolamulidwa ndi Denmark. Anafikako pa October 13, 1799. Bwanamkubwa wa kumeneko, Ole Bie, anawalandira ndi kukana kuwapereka kwa akuluakulu a kampaniyo. Mu January 1800, Carey anasamukirako ndi banja lake.

Posapita nthaŵi, zimene ambiri anawopa zinachitika. William Grant anamwalira ndi malungo pasanathe mwezi umodzi chifikireni. John Fountain, amene anali kuthandiza Carey, anamwalira mu 1800, ndipo Daniel Brunsdon anatsatira mu 1801. M'zaka ziŵiri zokha, kagulu kakang'onoko kanali ndi akazi amasiye atatu.

Thebulo Limodzi ndi Thumba Limodzi

Amishonale a ku Serampore anagwirizana kukhala monga banja limodzi, akumatsanzira zimene anaŵerenga ponena za Akristu oyambirira a ku Yerusalemu. (Machitidwe 4:32) Onse anali kudyera pathebulo limodzi. Palibe amene analoledwa kuchita malonda odzipindulitsa yekha. Ndalama zilizonse zimene munthu anapeza zinaloŵa m'thumba la onse, ndipo banja lililonse linali kulandira kangachepe kogulira zovala ndi zina zazing'ono. Madzulo a Loŵeruka lililonse iwo anali kukumana kuti athetse kusamvana kulikonse kumene kunabuka mkati mwa mlunguwo.

Kulemba malamulo otero nkosavuta, koma kuwatsatira nkwina. Talingalirani za mabanja angapo, aliyense ndi chizoloŵezi chake, akukhala pamalo amodzi m'dziko lotentha, kumene chinenero, zakudya, ndi ndalama zinali zachilendo kwa iwo. Panafunikira munthu woŵerengera mpunga ndi mafuta, woyang'anira ophika ndi ochapa, wosoka ndi kugaŵa zovala, ndi wokhala pambali pa odwala usiku. Poyamba amunawo anati adzasinthana kuyang'anira nyumbayo mwezi ndi mwezi, koma m'kupita kwa nthaŵi katundu wamkulu anagwera Hannah. Iye anamsenza kwa zaka makumi ambiri.

Sukulu Imene Inadyetsa Mishoni

Sosaite ya ku England inali yosauka, ndipo thandizo lake linali kufika mochedwa. Kodi mishoniyo ikanadzichirikiza motani? Pa May 1, 1800, Joshua ndi Hannah anatsegula sukulu ziŵiri zogonera komweko, ina ya anyamata ndi ina ya atsikana, kaamba ka ana a Azungu okhala ku Bengal ndi ana obadwa kwa atate Achizungu ndi amayi Achiindiya. Joshua anayang'anira anyamata, ndipo Hannah atsikana. Makolo anali kulipira, ndipo popeza kuti sukulu zabwino zinali zosoŵa, mbiri ya sukuluzi inafalikira mwamsanga.

Ndalama za sukuluzo zinakhala umodzi wa mizati itatu imene mishoniyo inaimapo. Ina iŵiri inali ntchito yosindikiza ya Ward ndi malipiro a Carey, amene mu 1801 anayamba kuphunzitsa Chibengali pakoleji ya Fort William ku Calcutta. Koma m'chaka choyamba chovutacho, Carey asanapeze ntchitoyo, sukulu za banja la Marshman nzimene zinathandiza kwambiri kuika chakudya pathebulo. Ndipo m'nyengo imeneyo ndimo mmene zipatso zoyamba zinaonekera. Pa December 28, 1800, mmisiri wa matabwa wotchedwa Krishna Pal anabatizidwa mumtsinje wa Hooghly, Mhindu woyamba kubatizidwa ndi amishonalewo pambuyo pa zaka 7 za kulalikira kwa Carey. Kuchiyambi kwa 1801, Chipangano Chatsopano cha Chibengali chinatuluka pamakina a Ward.

Sukuluzo zikanatha kulemeretsa banja la Marshman. Mmalomwake, chaka ndi chaka iwo anapereka phindu lake m'thumba la onse, nasunga kagawo kochepa chabe. Ndalama zimene Hannah anapeza mwa kuphunzitsa atsikana kuŵerenga, kulemba, ndi kusoka zinasanduka mapepala osindikizapo Baibulo, malipiro a akatswiri a zinenero a kumaloko amene anathandiza kutembenuza, ndi sukulu zaulere za ana Achibengali.

Mayi wa Ana a Anthu Ena

Pakati pa oyamba kufunikira chisamaliro cha Hannah panali ana a Carey mwiniyo. Mkazi wa Carey, Dorothy, anali atadwala matenda a maganizo pambuyo pa imfa ya mwana wawo wazaka 5, Peter, mu 1794, ndipo sanachirenso kufikira imfa yake mu 1807. Carey, munthu wofatsa ndi womira m'mabuku, sanakhoze kulanga ana ake. Pamene anyamata anayiwo, Felix, William, Jabez, ndi Jonathan, anafika ku Serampore, anali osaphunzira mokwanira ndi osamvera. Hannah anawatenga monga ake, akumathandizana ndi mwamuna wake ndi Ward, amene anaphunzitsa Felix ntchito yosindikiza. Felix anabatizidwa tsiku limodzi ndi Krishna Pal, ndipo pambuyo pake William ndi Jabez nawonso anagwira ntchito yaumishonale.

Pamene amishonale ena anamwalira m'malo akutali, ana awo amasiye anali kutumizidwa ku Serampore, ndipo kumeneko anapeza malo pathebulo la Hannah. Iye mwiniyo anadziŵa bwino lomwe tanthauzo la umasiye. Kulambira kumene Yakobo 1:27 amakulongosola, kwa kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo, kunali ntchito yake ya m'maŵa ndi madzulo.

Zonsezi anazichita ali ndi zisoni zakezake. Mwa ana 12 amene anabala, asanu okha ndiwo anali moyo pamene atate wawo anamwalira. Mayi aliyense amene anaikapo mwana m'manda angamvetse chimene chiŵerengero chimenecho chimatanthauza. Komabe, pambuyo pa maliro alionse, panali atsikana oyembekezera m'kalasi ndi banja lalikulu lofuna chakudya, ndipo Hannah anabwerera kuntchito yake.

Kodi Mtsikana Angaphunzire Kuŵerenga?

Sukulu ya ana a Azungu sinali mapeto a zimene Hannah anafuna. Iye anaphunzira Chibengali nayamba kucheza ndi akazi a kumaloko, makamaka a m'mabanja amene anali atangokhala Akristu. Anaona kuti pafupifupi onse sanali kudziŵa kuŵerenga. Kodi Baibulo lotembenuzidwa movutikira chotero likawapindulitsa motani?

Zopinga zinali zazikulu. Atsikana ambiri anali kukwatiwa akali ana, ndipo akazi a m'mabanja olemekezeka sanali kuonekera poyera. Panali chikhulupiriro chofala chakuti mtsikana wophunzira kuŵerenga akaferedwa mwamuna mwamsanga. Ndipo umasiye unali chinthu chowopsa, pakuti m'mabanja ena mkazi wamasiye anali kutenthedwa wamoyo pamodzi ndi mtembo wa mwamuna wake. Amishonale a ku Serampore, limodzi ndi Amwenye ofuna kusintha zinthu onga Ram Mohan Roy, anatsutsa mwambo umenewo kwa zaka zambiri kufikira pamene boma linauletsa mu December 1829.

Hannah anayamba ndi atsikana oŵerengeka a m'mabanja Achikristu. Mu 1820 anapita ku England kaamba ka thanzi lake, nabwerera chaka chotsatira pachombo chimodzi ndi Ward ndi mphunzitsi watsopano, John Mack. M'zaka zotsatira, sukulu zazing'ono za atsikana Achibengali zinatsegulidwa m'Serampore ndi m'midzi yozungulira, ndipo Hannah ndi ana aakazi a amishonalewo anali kuziyendera. Atsikana ambiri anali kuchotsedwa pasukulu atangotomeredwa. Koma ena anatsala kufikira atadziŵa kuŵerenga, ndipo zimenezo zinasonyeza makolo kuti tsoka lonenedwalo silinali kuwagwera. Nchifukwa chake lerolino dzina la Hannah Marshman limatchulidwa pakati pa oyambitsa maphunziro a atsikana ku Bengal.

Moto, Miseche, ndi Maliro

Madzulo a March 11, 1812, moto unabuka m'nyumba yosindikizira. Unapsereza mulu waukulu wa mapepala, zilembo zachitsulo za zinenero zambiri, ndi zolembedwa pamanja zimene zinatenga zaka kuzikonza. Palibe amene anafa, ndipo makina enieniwo anapulumuka chifukwa anali m'chipinda china. Pamene mbiriyo inafika ku Britain, anthu anasonkha ndalama zobwezeretsa zotayikazo m'miyezi iŵiri yokha. Chaka chotsatira, nyumba ya malamulo ya Britain inalola amishonale kuloŵa m'gawo la kampani ya East India.

Chiyeso chopweteka kwambiri chinachokera kwa abale awo enieni. Andrew Fuller, mlembi wa sosaite amene anadziŵa amishonalewo ndi kuwakhulupirira, anamwalira mu 1815. Amuna atsopano m'komiti ya ku England anayamba kufunsa kuti nyumba ndi malo a ku Serampore zinali za yani, ndipo amishonale ena achichepere anadzipatula nakayamba ntchito yawoyawo ku Calcutta. Miseche inafalikira yakuti banja la Marshman linali kudzikundikira chuma ndi kukhala moyo wapamwamba. Kwa mkazi amene kwa zaka zoposa 15 anapereka malipiro ake onse, chinenezo chimenecho chinali chowawa kwenikweni. Joshua anapita ku Ulaya mu 1826 kukalongosola nkhaniyo, koma mu 1827 mishoni ya Serampore ndi sosaiteyo zinapatukana. Iye anabwerera mu 1829, ndipo kwa zaka zitatuzo Hannah anapitiriza ndi sukulu yake. Ndiyeno, pakati pa 1830 ndi 1833, makampani aakulu osunga ndalama a ku Calcutta anagwa, ndipo ndalama zambiri za mishoniyo zinatayika.

Imfa nayonso sinaleke. Ward anafa ndi kolera mu March 1823. Carey anamwalira pa June 9, 1834. Ndiyeno mu 1836 tsoka linagwera mwana wamkazi wa Hannah, amenenso dzina lake linali Hannah. Iye anali atakwatiwa mu 1829 ndi msilikali wopembedza, Henry Havelock. Nyumba imene anali kukhalamo ndi ana ake ku Landour, m'mapiri a kumpoto kwa India, inapsa usiku. Mayiyo anapsa kowopsa poyesa kupulumutsa khanda lake, ndipo khandalo linamwalira. Iye anachira, koma mbiriyo inafooketsa Joshua kotheratu, ndipo anamwalira mu December 1837. M'mwezi umodzimodziwo, ku London, anagwirizana kuti ntchito ya Serampore ibwerere m'manja mwa sosaite. Joshua sanamve za chiyanjanitso chimenecho. Hannah, wazaka 70, ndiye anatsala kuti achimve.

Agogo a ku Serampore

Hannah sanabwerere ku England. Kwawo tsopano kunali Serampore, pafupi ndi manda a mwamuna wake ndi a ana ake. Anakhala zaka zina 9 ali wamasiye, akumaona zimene ana ake anali kuchita. John Clark Marshman, amene anafika ku India ali ndi zaka 5, anali atathandiza kuyambitsa nyuzipepala ya Chibengali yotchedwa Samachar Darpan mu 1818, ndipo anali mkonzi wa Friend of India. Iye anathera ndalama zake zambiri kuchirikiza Koleji ya Serampore, imene atate wake, Carey, ndi Ward anayambitsa mu 1818, ndi imene mfumu ya Denmark inapatsa chilolezo chopereka madigiri mu 1827. Mwana wina wamkazi, Rachel, anakwatiwa ndi dokotala ndi katswiri wa zomera, Joachim Otto Voigt, ndipo mwamunayo atamwalira, Rachel anaonetsetsa kuti buku lake la zomera za m'deralo lasindikizidwa mu 1845.

Adzukulu ake anakulira m'nyengo ya nkhondo. Mkamwini wake Havelock anamenya nawo nkhondo ku Afghanistan kuyambira mu 1839, ndipo pambuyo pake ku Punjab. Dzina la Havelock linadzamveka kwambiri m'nkhondo ya mu 1857, mmene mwana wake wamkulu, Henry, anamenya pambali pake, koma Hannah sanakhale ndi moyo kufikira nthaŵiyo.

Mu 1845 John Mack, amene anatsogolera kolejiyo pambuyo pa Joshua, anafa ndi kolera, ndipo m'chaka chimodzimodzicho Denmark anagulitsa Serampore kwa Britain. Katauni kamene kanabisa amishonale okanidwa kanali tsopano m'manja mwa awo amene poyamba anawakana. Mwa achikulire amene anayambitsa banja la ku Serampore mu 1800, Hannah anali pakati pa omalizira kutsala. Iye anamwalira pa March 5, 1847, kutatsala miyezi iŵiri kuti akwanitse zaka 80, ndipo anaikidwa m'manda a mishoni mmene Carey, Ward, ndi mwamuna wake anagona. Mu 1859 mwana wake John anafalitsa mbiri ya mishoniyo m'mavoliyumu aŵiri. Mutu wa bukulo uli ndi maina a amuna atatu aja. Kolejiyo idakaphunzitsabe kufikira lerolino.

Kodi Tingaphunzirenji?

Hannah Marshman sanatembenuze Baibulo, ndipo sanalalikire paguwa. Komabe, popanda sukulu yake ndalama zosindikizira zikanapereŵera, ndipo popanda dzanja lake m'nyumba, pangano la kukhala monga banja limodzi likanasweka m'zaka zoyambirira zenizenizo. Amuna amene maina awo amakumbukiridwa anakhoza kukhala pamabuku awo maola ambiri chifukwa chakuti wina anali kusamalira zonse zotsala.

Mtumwi Paulo, polembera Timoteo, anatchula maina a agogo ake aakazi, Loisi, ndi amake, Yunike, monga amene chikhulupiriro chosanyenga chinayamba kukhala mwa iwo. (2 Timoteo 1:5) Malemba samasimba ntchito iliyonse yotchuka imene akaziwo anachita, kusiyapo kuphunzitsa mnyamata mmodzi kuyambira ukhanda wake. Zimenezo zinali zokwanira kuti maina awo alembedwe.

M'mipingo yambiri lerolino muli akazi onga Hannah. Iwo amalera adzukulu amene makolo awo anamwalira, amagulitsa zinthu pamsika kuti ana apite kusukulu, amaphikira alendo, ndipo amakhala oyamba kufika panyumba ya maliro. Ena a iwo anenezedwapo zabodza ndi anthu amene anawathandiza, koma sanaleke kuchita zabwino. Kodi inuyo mumawadziŵa maina awo? Kodi munayamba mwawauzapo kuti mumaona ntchito yawo? Ngati m'banja mwanu kapena mumpingo mwanu muli mayi kapena agogo otero, nthaŵi yabwino yowathokoza ndi kuwapeputsira katundu ndi ino, akali moyo ndi okhoza kukumvani.